Bakha wanyambo asamawale: kapentedwe ka bakha wosema

Bakha woyamba amene ndinasema anali wokongola moti mayi anamuika pamwamba pa kabati, pafupi ndi mbale za alendo. Ndinamusema pa chidutswa cha malaina, n'kumupaka penti wotsala pa zitseko, wagulosi uja amene ukapaka umadzionapo nkhope. Loweruka lina m'bandakucha tinapita naye ine ndi amalume kukadambo ka kumunsi kwa mudzi wathu, tinamuyandamitsa, ife n'kubisala m'bango. Abakha enieni anabwera ndithu, asanu ndi mmodzi, akuliza mluzu wawo uja. Anazungulira kamodzi, dzuwa linali litangotuluka, ndipo bakha wanga anachita phuliphuli ngati lata latsopano. Anakwera m'mwamba osabwereranso. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, iwe wapanga galimoto. Unamuonapo bakha wopolishidwa?"

Zonse zimene ndilembe pano zikuchokera pa funso la amalumelo. Mukamapenta bakha wanyambo simukupentera diso la munthu amene wamunyamula m'manja. Mukupentera diso la mbalame imene ili m'mwamba, patali ngati kutalika kwa bwalo la mpira, imene ili ndi kanthawi kochepa koti iganize zotera kapena zopitirira. Mbalameyo siwerenga nthenga. Imaona thupi, imaona pamene pali poyera ndi pamene pali pakuda, ndipo ikaona kunyezimira imadziwa kuti pali chinyengo.

Luso limeneli si lakwathu kwenikweni. Alenje a mbalame kuno amadziwa misampha, ulimbo, malegeni ndi mfuti. Koma nzeru yake si yachilendo, chifukwa mnyamata aliyense wotchera ulimbo amadziwa kuti mbalame imatera pamene yaona inzake itakhala mosatekeseka. Ku America nzeru imeneyi anaifikitsa patali kalekale. Mu 1924 ofukula zakale anapeza abakha anyambo 11 m'phanga la Lovelock ku Nevada, olukidwa ndi udzu wa m'dambo wonga mlulu wathuwu, ena atamatidwa nthenga ndi kupakidwa utoto, ndipo akhala zaka pafupifupi 2,000. Anthu amenewo analibe sitolo ya penti. Tikayerekeza ndi iwo, ife a ku Luchenza, ku Bvumbwe kapena pa Thyolo Boma tili ndi zipangizo zochuluka kuposa zimene ntchitoyi imafuna.

Tiyambe ndi pamene bakhayu akayandame, chifukwa apa mpamene ambiri amapalamula. Madamu amene ali m'maesiteti a tiyi, kaya ku Satemwa, Naming'omba, Conforzi, Nchima kapena Makandi, ali ndi eni ake ndipo ali ndi alonda. Kuti mumathyola tiyi kumeneko kapena kuti nyumba yanu ili pamalaini sizikukupatsani mphamvu yosaka padamupo. Pemphani kwa akuluakulu a esiteti, ndipo akakana, akana. Kuonjezera apo pali lamulo la boma losamalira nyama zakutchire, la 1992 lomwe linakonzedwanso mu 2017 n'kukhwimitsa zilango. Kusaka mbalame zakutchire kumafuna chiphaso cha nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo mfuti imafuna chilolezo chakechake cha kupolisi. Abakha ambiri sali kuno kumapiri. Ali ku Elephant Marsh kuchigwa cha Shire ndi ku nyanja ya Chilwa, madambo awiri amene ali pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Ku Chilwa alenje a mbalame anadzipangira magulu okhala ndi malamulo a nthawi ndi malo osakira, ataona kuti nyanja ikaphwa, monga zinachitikira mu 1995, asodzi ambiri amatembenukira ku mbalame. Mlendo akafika kumeneko amayamba wafunsa. Ndipo nyengo yadzinja, pamene abakha akuikira ndi kulera anapiye, nyambo zanu zizikhala m'thumba.

Ndinenenso kuti si aliyense woyandamitsa bakha wosema amene ali ndi mfuti. Alendo amene amabwera ku Thyolo kudzaona mbalame za m'nkhalango amanyamula makamera, ndipo nyambo yabwino imabweretsa bakha pafupi ndi kamera chimodzimodzi. Kapentedwe kake n'kamodzi.

Bakha amene ndikulangiza kuti muyambire ndi uja wa nkhope yoyera, woliza mluzu patatu akamauluka, amene mumamumva akudutsa pamwamba pa denga usiku kapena m'bandakucha. Ndiye wofala kwambiri kuno kumwera, ndipo ali ndi ubwino uwiri kwa wopenta: wamwamuna ndi wamkazi amaoneka mofanana, komanso mitundu yake yonse imatuluka m'zitini zitatu zokha. Musanagwire bulashi, pitani mukamuyang'ane. Khalani pamphepete pa madzi ndi pensulo ndi kope lakale, mujambule pamene poyera pathera ndi pamene pakuda payambira. Chithunzi cha pafoni chimathandiza, koma chimanamiza mtundu, makamaka chojambulidwa dzuwa likulowa.

Mtengo wake ukhale wopepuka ndi wouma. Malaina ndiye wabwino koposa kwa ine: amasemeka mosavuta ndipo amagwira penti. Paini nayenso ndi wabwino, bola mupewe pamfundo, chifukwa utomoni umatuluka pakapita miyezi n'kudetsa penti. Sindireya amachita bwino. Bulugamu, amene ali ponseponse m'maesiteti chifukwa ndiye nkhuni zoumitsira tiyi kufakitale, musavutike naye, ngwolemera ndipo amang'aluka akamauma. Wina akakutsatsani mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mukaneni. Mtengowo ndi wotetezedwa ndipo watsala pang'ono kutheratu. Kuti mudziwe ngati chidutswa chauma, chigogodeni ndi chala: chouma chimalira ngati ng'oma yaing'ono, chachiwisi chimangoti phi. Penti wopaka pa mtengo wachiwisi amatukusira matuza, kenako amasupuka ngati khungu la njoka.

Za kasemedwe sindichulukitsa. Thupi likhale la masentimita 35 m'litali, 15 m'lifupi ndi 10 msinkhu, kunsi kwake kwathyathyathya. Mutu ndi khosi zisemedwe padera n'kulumikizidwa ndi kamtengo kolowa mbali zonse ziwiri ndi guluu. Bakha ameneyu ali ndi khosi lalitali, koma musaliimike njo ngati la msilikali. Bakha wotukula khosi ndi amene waona choopsa, ndipo anzake a m'mwamba amadziwa tanthauzo lake. Litsitseni pang'ono, mutu ukhale ngati wa mbalame yokhuta.

Chinthu chimodzi musachidumphe: muyandamitseni musanamupente. Thirani madzi m'bafa, muikeni, muone. Akapendekeka, khomani kunsi kwake kathabwa kotalika ngati msana wa bwato, ndipo pakathabwapo mumangirire chitsulo, kaya bawuti wamkulu kapena chidutswa cha khasu lakutha. Sunthani chitsulocho mpaka bakha akhale mowongoka, ndipo mukamugadabuza adzitembenuze yekha. Boolani kathabwako kutsogolo pomangira chingwe cha nangula. Akakhala bwino, lembani ndi pensulo pamene madzi afika. Mzere umenewo ukuthandizani, chifukwa zonse za pansi pake palibe bakha amene adzazione, ndiye palibe chifukwa chotayirapo nthawi yokongoletsa. Mukatero muumitseni masiku atatu pamthunzi.

Pokwecha, yambani ndi sandipepa wa nambala 80, mumalize ndi wa 120, basi. Akalipentala anazolowera kusalaza thebulo mpaka dzanja kuterereka, koma pano kusalala ndi mdani. Thupi lokhakhala pang'ono limagwira penti komanso limamwaza kuwala. Ming'alu ndi polumikizira khosi tsekani ndi utuchi wosefa wosakaniza ndi guluu, ziume, mukwechenso.

Kenako mtengo umwe. Sungunulani vanishi ndi tapentaini, theka ili theka ilo, akhale ngati madzi, mupake thupi lonse mpaka mtengo utasiya kumwa. Mbali za kuchifuwa ndi kumchira, kumene mitsempha ya mtengo yadulidwa, zimamwa kwambiri, ndipo ndi kumene madzi amalowera, choncho bwerezaniko katatu. Mawa lake kwechani pang'ono kuti kuwala kwa vanishiyo kuchoke. Agogo athu akanakhala ndi njira yapafupi kuposa iyi. Kale ku Thyolo kunkalimidwa mitengo ya tung, imene njere zake zimatulutsa mafuta otetezera matabwa ku madzi, ndipo malo ofufuzira zaulimi a ku Bvumbwe anayamba ndi kuyesa mbewu imeneyi. Lero minda yambiri ndi ya tiyi ndi makademiya, ife tikugula vanishi wa m'chitini.

Tsopano penti. Mukalowa m'hadiweya, wogulitsa adzakuonetsani gulosi, chifukwa ndi amene anthu amagula. Inu funsani zitini zing'onozing'ono zitatu izi: andakoti woyera, penti wa bolodi wakuda uja amapaka m'makalasi, ndi redi okisaidi amene owotcherera amapaka pa mafelemu a mawindo. Atatu onsewa amauma mbuu, osawala. Mukakhala ndi kandalama kapadera onjezerani kachikasu pang'ono, ngakhale ka ufa kaja amathira mu simenti. Werengani pachitini chilichonse musanalipire. Ena mwa mapenti amenewa amabwera amadzi, ena amafuta. Pachitini pakalembedwa kuti bulashi mutsukire tapentaini, ndi wamafuta. Pakalembedwa madzi, ndi wamadzi. Onse atatu akhale a mtundu umodzi, ndipo wa bakha woyandama akhale amafuta. Mukasakaniza wamadzi ndi wamafuta mupeza zinthu zonga chambiko, zosapakika.

Nanga ngati muli kale ndi gulosi wotsala, woti simungamutaye? Pali njira. Siyani chitini masiku angapo osachigwedeza, mafuta ayandame pamwamba. Tsanulani mafutawo pang'onopang'ono, mutsale ndi phala la pansi, mulisungunule ndi tapentaini. Mukathiramo paudala wa ana supuni imodzi pa kapu yaing'ono ya penti, kuwala kumacheperanso. Penti wotere salimba ngati poyamba, mudzafunika kubwereza chaka chilichonse, koma bakha samuthawa.

Mabulashi atatu akwana. Imodzi ya inchi imodzi yopakira thupi, ina yakale yolimba imene tsitsi lake linayamba kunyankhalala, ndi kena kakang'ono ka ana asukulu. Kakang'onoko kakasowa, tafunani nsonga ya kamtengo ngati mswachi, kapena gwiritsani nthenga ya nkhuku. Pezaninso chipeso cha mano ang'onoang'ono chimene kunyumba asiya kugwiritsa ntchito. Ndanena kuti chimene asiya. Ine ndinatenga cha alongo anga ndipo nkhani yake sinathe mpaka lero.

Nyengo ya kuno ili ndi mawu ake pa ntchito imeneyi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chikagwa, nkhungu ili thoo m'minda ya tiyi, zovala zosauma pachingwe, penti wamafuta naye sauma. Amakhala nyatanyata sabata yathunthu, fumbi ndi tizilombo n'kumamatirapo, ndipo nthawi zina amachita mbuu woipa wonga nkhungu. Miyezi yabwino ndi Seputembala ndi Okutobala. Pentani pakhonde kapena pansi pa mtengo, mame atauma koma dzuwa lisanafike paliwombo. Musaumitse bakha padzuwa lamphamvu kapena pafupi ndi moto pofuna kufulumira, chifukwa pamwamba pamauma m'kati muli mwawisi, kenako pamachita makwinya ngati nkhope ya nkhalamba. Khomani kamsomali kunsi kwake, mumupachike pamtanda wa denga pamene nkhuku ndi ana safika.

Woyamba kupaka ndi andakoti wothiramo penti wakuda pang'ono kuti akhale wotuwa ngati phulusa. Chifukwa chake n'chakuti bakha akadzakalika m'thumba, pokalikapo padzaoneka potuwa, osati poyera mbee. Musakoke bulashi ngati mukupenta chitseko. Jinyani ndi nsonga, jinyu jinyu, thupi lonse, kuti penti atsale ndi timabowo ngati khungu la lalanje. Ena amawaza utuchi wosefa pamsana penti akadali wamuwisi, n'kukutumula wotsala akauma. Zimathandiza kwambiri kupha kuwala, koma kumutu ndi kumlomo musawaze. Dikirani tsiku lathunthu, mubwereze, mudikirenso.

Posakaniza mitundu, ife a ku Thyolo tili ndi muyeso umene aliyense amaudziwa. Pafunika mitundu itatu ya tiyi. Woyamba ndi wa tiyi wopanda mkaka mutamuyang'ana m'tambula padzuwa: redi okisaidi wothira kadontho ka wakuda. Umenewu ndi wa kunsi kwa khosi ndi chifuwa. Wachiwiri ndi wa masamba a tiyi ouma a m'paketi: redi okisaidi ndi wakuda pafupifupi mofanana. Umenewu ndi wa msana. Wachitatu ndi wa tiyi wa mwana, wochuluka mkaka: andakoti woyera, kadontho ka redi okisaidi ndi kachikasu ngati muli nako. Umenewu ndi wa m'nthiti ndi m'mphepete mwa nthenga. Sakanizirani m'zitini za nsomba kapena m'mabotolo odula, ndipo nthawi zonse thirani wakuda mu woyera pang'onopang'ono, osati woyera mu wakuda, kuopa kumaliza chitini chonse cha woyera mukuthamangitsa mtundu. Sakanizani wokwanira abakha onse nthawi imodzi, chifukwa mtundu womwewo subwera kawiri. Yesani pa kathabwa kaye, muone utauma.

Lembani malire ndi choko pa thupi lotuwalo. Nkhope yonse kuyambira pamlomo mpaka kuseri kwa diso, pamodzi ndi pakhosi pamwamba, ndi poyera. Nkhongo ndi kumbuyo kwa khosi ndi pakuda. Kunsi kwa khosi ndi chifuwa ndi pofiirira. M'nthiti muli timizere. Msana ndi wakhofi. Mchira ndi kunsi kwa mimba ndi pakuda.

Yambani ndi m'nthiti, chifukwa ndi pamene pali ntchito yokoma. Pakani mtundu wa tiyi wamkaka mbali zonse ziwiri, uume tsiku lathunthu, uumitsitse. Mawa lake pakani wakuda pamwamba pake mopyapyala, mbali imodzi yokha, ndipo nthawi yomweyo, penti asanayambe kugwira, kokani chipeso kuchokera kumsana kutsikira kumimba, dzanja likunjenjemera pang'ono. Mano a chipeso amachotsa wakuda n'kusiya timizere toyera tokhotakhota, ndendende ngati ta bakha weniweni. Pukutani chipeso pa nsanza mukakoka kamodzi kalikonse. Mukalakwitsa, fafanizani ndi bulashi mukokenso, muli ndi mphindi zochepa penti asanalimbe. Chinsinsi chake chili pa kuuma kwa wapansiyo. Akakhala wamuwisi, mitundu iwiri imasakanikirana n'kusanduka matope. Yesererani pa thabwa kasanu musanakhudze bakha, simudzadandaula.

Kenako chifuwa ndi msana, tsiku limodzi. Pakani wofiirira pachifuwa, wakhofi pamsana, ndipo pamene akumana tengani bulashi youma mujinye malirewo kuti wina alowerere mwa mnzake. Pa thupi la mbalame palibe mzere wowongoka ngati wa rula. Malo amodzi okha amene malire ayenera kuoneka bwinobwino ndi pamene nkhope yoyera yakumana ndi nkhongo yakuda.

Msana ukauma, ikani nthenga. Apa ndi pamene anthu amataya masiku pachabe, kujambula nthenga imodziimodzi ngati mamba a chambo. Tengani bulashi yakale ija, muviike nsonga mu tiyi wamkaka, mupukute pa katoni mpaka itatsala pang'ono kuuma, kenako mukwapule mopepuka kuchokera kumchira kulowera kumutu, timizere topindika ngati chikhadabo. Khumi ndi ziwiri kapena khumi ndi zisanu mbali iliyonse zakwana, zazikulu kumbuyo, zazing'ono chakukhosi, ndipo zisafole pamzere ngati ana asukulu. Mukaona kuti zawala kwambiri, pakani pamwamba pake wakhofi wosungunula kwambiri ndi tapentaini, zizimirire.

Nkhope ndiyo mbendera ya bakha ameneyu. Ndi imene imaonekera patali m'bandakucha thupi lonse likadali mumdima. Ipakeni kawiri kuti ikhute, ndipo muikulitse pang'ono kuposa ya bakha weniweni. Koma isakhale yoyera ngati laimu. Abakha amenewa amafufuza chakudya m'matope ndipo nkhope zawo nthawi zambiri zimakhala zothimbirira. Kadontho kamodzi ka tiyi wamkaka mu andakoti kamakonza zimenezo. Nkhongo pakani penti wa bolodi osasakaniza ndi china. Mlomo ndi wakuda, wokhala ndi kachibangiri kotuwa pafupi ndi nsonga. Diso ndi lakuda chakhofi: viikani mutu wa msomali mu penti, mudinde kamodzi. Yang'anani bakha kuchokera kutsogolo musanadinde lachiwiri, kuti maso akhale pamsinkhu umodzi. Bakha wa m'mwamba sasamala za diso, koma anzanu kudambo adzaseka bakha wamaso opingasa.

Mukamaliza musapake vanishi pamwamba. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa, chifukwa vanishi amadzutsa mitundu ndipo bakha amaoneka watsopano. Kumbukirani galimoto ya amalume. Chitetezo cha ku madzi munachiika kale pansi. Musiyeni sabata yathunthu penti akhwime asanalowe m'madzi.

Mayeso ake ndi awiri. Muikeni pabwalo m'mawa dzuwa likutuluka, muyende mapazi 40, mutembenuke. Ngati mukuona nkhope yoyera, mutu wakuda ndi thupi lodera, mwakhoza. Ngati pali pamene pakuthwanima, pazindikireni. Kenako mumuthire madzi ndi kapu, mubwerere pomwe paja. Nthenga za bakha wamoyo sizigwira madzi, choncho iye sanyezimira ngakhale atangovuuka, pamene mtengo wonyowa umawala. Pamalo pothwanima kwechani mopepuka ndi sitiliwulu wotsukira mapoto, kapena pakani phulusa losefa ndi nsanza yonyowa. Kudambo, poika nyambo pamadzi, musaziponye. Ziikeni ndi dzanja kuti msana ukhale wouma.

Bakha mmodzi sakopa gulu. Asanu kapena asanu ndi mmodzi ndi poyambira pabwino, ndipo asafanane onse: wina mutu utatembenukira kumbali, wina khosi lili pansi ngati akudya. Popeza abakha a mluzuwa amakonda kuima pamtunda m'mphepete mwa madzi, mukhoza kuonjezera ena osavuta, odula pa pulayiwudi ngati chithunzithunzi, opentedwa mbali zonse ziwiri ndi kukhomedwa pa kamtengo kozika m'matope. Awiri otere amatha tsiku limodzi. Chingwe cha nangula chikhale chakuda kapena chodetsedwa ndi matope, chotalika kuposa kuya kwa madzi kuti bakha azisewera ndi mphepo. Mbalame zimatera moyang'anana ndi mphepo, ndiye siyani mpata pakati pa nyambo zanu pamene zingatere, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Kuchigwa cha Shire musalowe m'madzi osafunsa eni dera za ng'ona, ndipo m'madzi odikha kulikonse mukhoza kukhala likodzo, valani majombo.

Dzanja likazolowera mudzafuna kuyesa ena. Bakha wa mlomo wofiira ndi wosavuta: chipewa chakuda chofika m'maso, masaya oyererako, thupi lakhofi la mawangamawanga. Mlomo wake umafuna penti wofiira weniweni, redi okisaidi yekha amachepa mphamvu. Tsekwe ndi wakuda ndi woyera basi, mlomo wofiira, koma ndi wamkulu moti chidutswa chake cha mtengo mudzachisaka, ndipo kumunyamula kupita naye kudambo ndi katundu. Pamsana pa tsekwe weniweni pamanyezimira mobiriwira dzuwa likawomba. Musayese kutsanzira zimenezo ndi gulosi. Kunyezimira kwa nthenga ndi kwa penti n'kosiyana, ndipo mbalame zimasiyanitsa.

Pali bakha wina amene malamulo onsewa samukhudza, ndiye wa pakabati. Ameneyo mupenteni nthenga imodziimodzi, mumupake vanishi, mumuike maso a mikanda, chifukwa womuyang'ana ndi munthu. Msika wake ulipo, pakati pa alendo ogona m'maesiteti ndi m'misika ya ziboliboli ku Blantyre. Ku America abakha osema anasanduka chuma: mu 2007 mbalame ziwiri zosemedwa ndi Elmer Crowell wa ku Massachusetts zinagulidwa pa madola 1.13 miliyoni iliyonse. Sindikunena kuti wanu adzafika pamenepo. Ndikungoti lembani dzina lanu ndi chaka kunsi kwa bakha aliyense, ndipo musanayambe kupenta dziwani ngati uyu ndi wa kudambo kapena wa pabalaza. Wofuna kutumikira konse kuwiri amalephera konse.

Pa za chitetezo cha pakhomo, penti wamafuta ndi tapentaini si zogwiritsa ntchito m'chipinda chotseka, mutu umawawa ndipo ana amatsokomola. Tapentaini kapena parafini musasunge m'botolo la zakumwa, ana ambiri amwa parafini chifukwa cha zimenezi. Penti wakale wosadziwika kumene anachokera akhoza kukhala ndi mtovu, choncho bakha wopentedwa naye asakhale chidole cha mwana woluma zinthu, ndipo pokwecha penti wakale mangani kansalu kumphuno. Nsanza zonyowa ndi mafuta a penti musaziunjike pakona, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi, zikauma muzikwirire. Madzi otsukira mabulashi asapite kumtsinje kapena kudamu la nsomba.

Pobwera kudambo tsukani matope ndi madzi okha, muumitse abakha pamthunzi, aliyense alowe m'kathumba kake kapena akulungidwe m'chiguduli kuti asakhulane. Asungeni pamwamba, kutali ndi chiswe. Chaka chilichonse, chiperoni chikatha, atulutseni muwaunike. Choyamba kuonongeka chimakhala nsonga ya mlomo, mchira ndi polumikizira khosi. Pokalika pakaoneka mtengo, kwechani, mumwetse vanishi wosungunula uja, mubwezere mtundu. Nkhope yokha ipakeni mwatsopano chaka ndi chaka, koma msana ukathimbirira usiyeni, chifukwa bakha wa zaka zitatu amakopa bwino kuposa wa dzulo. Zitini zotsala tsekani zolimba, muzisunge chozondotsa kuti mpweya usalowe, ndipo pa chivindikiro chilichonse dindani kadontho ka mtundu umene uli m'katimo.